Ulembe wa Kombe ndi Fakitale ya Kuseri kwa Nyumba Yathu

Ine ndikulankhula kuchokera ku Tyrrelstown, ku Dublin 15 kuno. Amene munafikako mukudziwa mmene kulili: nyumba zofananafanana, ndege zodutsa pamwamba popita ku bwalo la Dublin, ndipo mukangotuluka pang'ono m'dera la nyumba mukukumana ndi zimafakitale zikuluzikulu zopanda mawindo. Nditangofika kuno ndinkadutsa pafupi nazo pa basi ya 40D tsiku ndi tsiku, osafunsa n'komwe kuti mkatimo amapangamo chiyani. Ndinadzafunsa chaka chimene amalume anga anadwala. Nkhani ya amalumeyo ndifikako, koma tiyambe kaye kumudzi, ku Chigwa cha Shire, zaka zoposa 160 zapitazo.

Pakati pa 1858 ndi 1863, David Livingstone ankayenda mu Zambezi ndi mu Shire ali ndi dokotala wachinyamata wa ku Scotland, John Kirk, amenenso anali katswiri wa zomera. Kirk anaona kuti alenje a Chimang'anja amapaka ulembe ku nsonga za mivi yawo, ndipo nyama ikalasidwa sipita patali. Ulembewo ankaupanga posinja njere za chomera china choyanga m'mitengo, chimene iwo ankachitcha kombe. Kirk anatola zina n'kuika m'thumba. Tsoka ilo, kapena tinene mwayi, m'thumba momwemo munalinso mswachi wake. M'mawa wina akutsuka mano anamva kuwawa m'kamwa, ndipo pasanapite nthawi anazindikira kuti mtima wake ukugunda pang'onopang'ono kusiyana ndi mmene unkagundira. Nkhani imeneyi ili m'buku limene Livingstone ndi mng'ono wake Charles anatulutsa mu 1865.

Njere zija zinawoloka nyanja. Ku Kew, katswiri wa zomera Daniel Oliver anachipatsa chomeracho dzina la sayansi mu 1871, Strophanthus kombe. Mwamva eti? Liwu lathu lili m'dzinalo mpaka lero. Ku Edinburgh, Thomas Fraser anakhala zaka akuyesa ulembewo pa achule ndi nyama zina, anapatula chinthu champhamvu chimene chili m'njerezo n'kuchitcha strophanthin, ndipo mu 1885 anauza madokotala anzake kuti timadontho tochepa kwambiri timathandiza munthu amene mtima wake wafooka. Kampani ya Burroughs Wellcome ya ku London inayamba kugulitsa mankhwalawo, ndipo njere zinkachokera kwathu, kudutsa m'manja mwa anthu ngati John Buchanan wa ku Zomba ndi kampani ya African Lakes, imene ife timaidziwa kuti Mandala. Wolemba mbiri wa ku Finland, Markku Hokkanen, anafufuza bwino za malonda amenewa. Maina a Kirk, Fraser ndi Buchanan alipo m'mabuku. Koma alenje amene ankadziwa kuti njere iti, yothyola liti, yosinja bwanji, mabuku amangowatchula ngati gulu. Ine zimenezi zimandiwawabe, koma si nkhani ya lero.

Funso la lero ndi limene Fraser sakanatha kuliyankha: kadontho kakang'ono chonchi kamadziwa bwanji njira yopita ku mtima? Bwanji sikapita ku bondo? Yankho linachedwa zaka zoposa 70. Mu 1957 Jens Christian Skou wa ku Denmark, akuyesa mitsempha ya nkhanu, anapeza kapampu kamene kali pa khungu la selo lililonse, kotulutsa sodium ndi kulowetsa potassium. Ulembe wa mtundu wa kombe umakakamira pa kapampu kameneka n'kukaimitsa. Sodium ikachuluka m'selo la mtima, calcium nayo imachuluka, ndipo mtima umafinya mwamphamvu. Ukapitirira muyezo, mtima umasokonezeka n'kuima. Ndiye chimene chinkagwetsa njati ku Shire ndi chimene chinkadzutsa nkhalamba ku Edinburgh chinali chimodzi, kusiyana kuchuluka kokha.

Anzanga amene mukuphunzira za mankhwala mundidzudzula kuti pampu si receptor yeniyeni, ndipo mukunena zoona. Koma mfundo yake ndi yomweyo: mankhwala sangogwira thupi lonse mwachisawawa, ali ndi pamalo pake pamene amakakhala. Tsono receptor n'chiyani? Ganizirani za kwathu munthu akafika pakhomo. Salowa, amaima panja n'kunena kuti odi. Wam'nyumba akamva, zinthu zimayamba kuyenda mkatimo: wina akuyala mkeka, wina akutereka madzi. Mlendo sanalowe, koma nyumba yasintha. Receptor ndi khutu limene selo laika pakhomo kuti lizimva odi, ndipo khutu lililonse limamva liwu la mlendo mmodzi yekha. Mankhwala ena amatsanzira liwu la mlendoyo kuti am'nyumba adzuke. Ena amangoima pakhomo duu, osanena kanthu, kutsekereza mlendo weniweni kuti odi wake asamveke.

Amene anayamba kuganiza chonchi ndi anthu awiri. Ku Germany, Paul Ehrlich ankanena kuti chinthu sichingagwire ntchito m'thupi ngati sichinamatirire penapake, ndipo cha m'ma 1900 anayamba kugwiritsa ntchito liwu loti receptor. Ku Cambridge, John Newport Langley anachita chinthu chimene ndimachikonda chifukwa n'chosavuta kuchimvetsa. Mu 1905 anatenga nkhuku, inde nkhuku, n'kuibaya nikotini, yemweyo wa mu fodya amene makolo athu amakagulitsa ku okushoni ku Kanengo. Mnofu wa mwendo unakungika. Ataibaya curare, ulembe wina wa mivi wa ku South America, mnofu unamasuka. Kenako anadula mtsempha wopita ku mnofuwo n'kudikira kuti ufote, koma nikotini ankakungabe mnofu, curare n'kumaumasulabe. Langley anati ndiye kuti mankhwala awiriwa sakugwira mtsempha, akulimbirana kanthu kena kamene kali pa mnofu penipenipo. Kanthuko sanakaone. Palibe amene anakaona kwa zaka zoposa 60, ndipo akatswiri ambiri ankati receptor ndi nthano chabe yothandiza powerengera.

Mu 1948 Raymond Ahlquist wa ku Georgia, ku America, analemba kuti adrenaline, timadzi timene timathamangitsa mtima munthu akaona njoka, tili ndi makutu amitundu iwiri m'thupi. Anawatcha alpha ndi beta. Magazini yoyamba imene anaitumizira pepala lake inalikana, ndipo litatuluka kwina anthu sanalilabadire kwa zaka pafupifupi khumi. Amene analitola ndi James Black, mwana wa injiniya wa m'migodi, wobadwira ku Uddingston mu 1924. Uddingston ili pafupi kwambiri ndi Blantyre wa ku Scotland, kwawo kwa Livingstone, kungowoloka mtsinje wa Clyde. Sindikunena kuti pali tanthauzo lililonse, zimangondisangalatsa basi.

Black ankalimbana ndi matenda a angina, kupweteka kwa pachifuwa kumene kumabwera mtima ukamaperewera mpweya. Aliyense nthawi imeneyo ankafuna njira yowonjezera magazi opita ku mtima. Iye anaiona nkhaniyo cham'mbuyo: ngati ufa wachepa m'nyumba ndipo simungathe kugula wina, chepetsani nsima. Mtima umafuna mpweya wambiri pamene adrenaline akuukwapula kuti uthamange, ndiye tsekani khutu la beta, mtima usamve. Analowa kampani ya ICI mu 1958 ali ndi ganizo limeneli. Mankhwala oyamba, pronethalol, anagwira ntchito koma anayambitsa zotupa mu mbewa zoyesera, n'kusiyidwa. Achiwiri, propranolol, anafika pamsika mu 1965. Ngati bambo kapena mayi anu amamwa atenolol kapena bisoprolol, amenewo ndi adzukulu a propranolol.

Chimene Black anasintha kwenikweni ndi kayambidwe ka kafukufuku. Kale anthu ankayamba ndi chomera kapena poizoni, ngati kombe uja, n'kumafunsa kuti kodi izi zingachize chiyani. Iye anayamba ndi khutu, n'kupanga mankhwala oti akalitseke. Ndipo anabwerezanso. Ku kampani ya Smith Kline & French anatsata histamine, amene amauza m'mimba kuti mutulutse asidi. Gulu lake linayesa mankhwala mazanamazana kwa zaka zambiri osaphula kanthu, mpaka mu 1972 anatsimikiza kuti m'mimba muli khutu lapadera lotchedwa H2. Cimetidine, wodziwika ndi dzina loti Tagamet, anatuluka mu 1976, ndipo anthu ambiri a zilonda za m'mimba anapulumuka ku mpeni wa opaleshoni. Kampaniyo inkapangira mankhwalawa ku Cork, kuno ku Ireland komwe. Black analandira mphoto ya Nobel mu 1988. Amene muli ndi mphumu, kabotolo kabuluu kopopera kaja kali m'banja lomweli koma kamachita zosiyana: salbutamol, amene anatuluka mu 1969 ndi dzina loti Ventolin, satseka khutu la beta, amanena odi pa khutu la beta la m'mapapo kuti njira za mpweya zitseguke.

Zoti makutuwa alikodi zinatsimikizika pambuyo pake. Robert Lefkowitz anamata chizindikiro cha radiation pa mahomoni n'kuona pamene akukakamira, ndipo mu 1986 gulu lake, limene munali Brian Kobilka, linapeza jini la khutu la beta lija. Anadabwa kuona kuti mapangidwe ake akufanana ndi a kanthu ka m'diso komva kuwala: chingwe cha puloteni cholowa ndi kutuluka pa khungu la selo kasanu ndi kawiri. Lero tikudziwa kuti munthu ali ndi ma receptor a banja limeneli pafupifupi 800, ndipo mankhwala pafupifupi amodzi mwa atatu alionse ovomerezeka amagwira pa iwo. Awiriwa analandira Nobel mu 2012.

Koma abale anga, pali receptor imodzi imene Mmalawi aliyense wa msinkhu wa makolo athu amaidziwa dzina, ngakhale agogo amene sanapiteko kusukulu. CD4. Tinakula tikumva akuluakulu akunong'onezana kuti CD4 ya uje yatsika. Ine ndinkaganiza kuti ndi nambala chabe ya kuchipatala, ngati sikelo. Ayi, CD4 ndi kapuloteni kamene kali pa khungu la maselo ena a chitetezo cha m'thupi, ndipo mu 1984 ofufuza a ku London ndi ku Paris anasonyeza kuti ndi pamene kachilombo ka HIV kamagwira pofuna kulowa. Kachilombo kanaphunzira kunena odi ndi liwu la wachibale. Mu 1996 kunapezeka kuti CD4 yokha sikwanira, pamafunika chitseko chachiwiri, ndipo nthawi zambiri chimakhala CCR5. Chaka chomwecho kunadziwikanso kuti anthu ena amabadwa opanda CCR5 yogwira ntchito, chifukwa cha kusintha kwa jini kotchedwa delta 32, ndipo kachilombo kamavutika kwambiri kuwalowa. Kusinthaku kumapezeka makamaka mwa anthu a kumpoto kwa Ulaya, pafupifupi munthu mmodzi pa 100 alionse ali nako mbali zonse ziwiri, kwa bambo ndi kwa mayi. Mwa ife Aafirika n'kosowa zedi. Taganizani pamenepo: loko ali kuno, mbala ili kwathu.

Munthu woyamba kuchira HIV, Timothy Ray Brown, anachira ku Berlin chifukwa cha zimenezi. Anali ndi khansa ya m'magazi, ndipo mu 2007 dokotala wake Gero Hütter anamuika maselo ochokera kwa munthu wopanda CCR5. Imeneyo ndi njira yoopsa, yoyenera munthu amene khansa ikufuna kumupha kale, osati yoti n'kuchitira anthu mamiliyoni. Kampani ya Pfizer inayesa njira ya James Black ija, kupanga piritsi loima pakhomo la CCR5, ndipo maraviroc anavomerezedwa mu 2007. Amagwira ntchito, koma musanamwe pamafunika kuyeza kaye ngati kachilombo kanu kamalowera pa chitseko chimenechi kapena pa china chotchedwa CXCR4, ndipo amamwedwa kawiri pa tsiku. Ndiye amene anapulumutsa Malawi si amenewa. Ma ARV aulere atayamba mu 2004, ndi dolutegravir atabwera mu 2019, onsewo ndi mankhwala omenya zida za kachilombo komweko, osati makutu a maselo athu. Ndikunena izi dala, chifukwa nkhani ya ma receptor ikamakambidwa imamveka ngati sayansi yokongola kwambiri ndiyo imapambana. Ku chipatala cha kumudzi chimapambana ndi piritsi limodzi, kamodzi pa tsiku, lotsika mtengo.

Tsopano tibwerere ku Tyrrelstown. Mukatuluka m'dera lathu kulowera ku Mulhuddart pali malo otchedwa Cruiserath. Mu 2014 kampani ya Bristol Myers Squibb inalengeza kuti imangapo fakitale ya ndalama pafupifupi madola 900 miliyoni, yopangira mankhwala amtundu watsopano, makamaka a khansa, ndipo odziwika kwambiri mwa mankhwala ake amtunduwu ndi nivolumab, ogulitsidwa ndi dzina loti Opdivo. Amenewa si mapiritsi osakaniza ngati a Black. Ndi ma antibody, mapuloteni akuluakulu amene amapangidwa ndi maselo amoyo oleredwa m'zimathanki zachitsulo, ndipo makolo a maselowo anachokera ku kanyama kofanana ndi mbewa kotchedwa hamster. Ndiye kuseri kwa makoma opanda mawindo aja kuli ulimi, kungoti ziweto zake sizioneka ndi maso.

Khutu limene nivolumab amatseka limatchedwa PD-1. Analipeza ndi Tasuku Honjo ndi gulu lake ku yunivesite ya Kyoto mu 1992, ndipo panapita zaka asanamvetse ntchito yake. PD-1 ndi buleki wa asilikali a m'thupi, maselo otchedwa T. Buleki ameneyu ndi wofunika, chifukwa popanda iye asilikaliwo angayambe kumenya thupi lawo lomwe. Koma zotupa zina za khansa zimachenjera, zimavala chizindikiro chotchedwa PD-L1 chimene chimaponda bulekiyo, msilikali n'kugona pafupi ndi mdani. Nivolumab amaphimba PD-1 kuti chotupa chisafikepo, msilikali n'kudzuka. Mankhwalawa anavomerezedwa koyamba ku Japan mu 2014, ndipo Honjo anagawana Nobel ya 2018 ndi James Allison, amene anachita zofananazo pa buleki wina, CTLA-4. Odwala ena a khansa ya pakhungu ya melanoma, amene kale akanapatsidwa miyezi, akhala zaka zambiri. Koma mtengo wake m'thupi uliponso: mukachotsa buleki, asilikali nthawi zina amaukira matumbo, mapapo kapena chithokomiro.

Amalume anga, achimwene awo a mayi, anayamba ndi kudandaula kuti nsima ikuima pakhosi. Anasiya nsima n'kuyamba phala, kenako phala lamadzimadzi, kenako tiyi. Pamene ankawayeza n'kupeza kuti ndi khansa ya kummero, thupi linali litatha. Malawi ali m'gulu la maiko amene khansa imeneyi ndi yochuluka kwambiri pa dziko lonse, makamaka mtundu wotchedwa squamous cell. Usiku wina ndili pa foni kufufuza, monga tonse a kunja timachitira wachibale akadwala, ndinawerenga kuti nivolumab ndi ovomerezeka pa mtundu womwewu wa khansa ya kummero. Ndinapita pawindo. Kuchokera pakhomo pathu kukafika ku Cruiserath ndi ulendo wapansi.

Ndisakunamizeni, mankhwalawa sakanawachiza amalume. Pa khansa ya kummero imene yafalikira, kafukufuku anasonyeza kuti kwa odwala ambiri amawonjezera miyezi, ndipo ndi ochepa amene amapindula kwa nthawi yaitali. Ndinawauza mayi zimenezi pa foni, ndipo anandiyankha kuti, "Mwanawe, miyezi iwiri akanaona chimanga chake chitacha." Ndinasowa chonena.

Bungwe la WHO linaika nivolumab pa mndandanda wa mankhwala ofunikira mu 2019, pa khansa ya melanoma, koma mtengo wa mankhwala amtunduwu kwa wodwala mmodzi pa chaka umafika madola masauzande makumimakumi m'maiko olemera. Amene mukukumbukira mbiri ya ma ARV mudziwa kuti nawonso anayamba choncho, oposa madola 10,000 pa chaka, mpaka mu 2001 kampani ya Cipla ya ku India inanena kuti ipereka mankhwala atatu ophatikiza pa madola 350 pa chaka, osakwana dola imodzi pa tsiku. Ma patent a mankhwala a PD-1 ayamba kutha chakumapeto kwa zaka za m'ma 2020 zino, ndipo makampani ena akukonzekera kale kupanga ofanana nawo. Kungoti kukopera antibody sikufanana ndi kukopera piritsi. Pamafunika maselo amoyo, mathanki, ndi anthu odziwa kuwalera, ntchito imene ena mwa inu amene mukuphunzira sayansi kuno ku Dublin mudzaigwira. Akapangidwa, mankhwalawo ayenera kukhala mufiriji pakati pa madigiri 2 ndi 8 ulendo wonse, ndipo wodwala amawalandira kudzera m'diripi, milungu iwiri kapena inayi iliyonse, pamalo pamene pali dokotala wotha kuzindikira msanga ngati asilikali aja ayamba kuukira mapapo. Amalume kuti afike pa chipatala chachikulu ankakwera kabaza, kenako minibasi ziwiri, ndipo ndalama ya ulendowo inkachokera kuno, kwa mayi, ikatha shifiti ya Lachisanu.